Chikomekome cha Doki Doki, m'kati muli nyerere

Patangopita mphindi 40, msuweni wanga anali atayamba kale kusinza. Tinali pa mphasa m'nyumba ya amalume ku Mfuwe, laputopu ili pa kampando, mvula ikumenya malata moti nyimbo ya mu gemu sinkamveka n'komwe. Pa sikirini panali atsikana anayi a maso akuluakulu, ovala yunifomu ya sukulu, akukangana za makeke ndi ndakatulo.

"Iwe msuweni, gemu yabwanji iyi? Kulibe kumenyana, kulibe bola, kulibe na motoka yothamanga. Wanichotsa pa FIFA kuti nizikhala nikuwerenga monga nili mu kalasi?"

Ndinamuuza kuti apirire pang'ono chabe. Anandiyang'ana mmene munthu amayang'anira kondakitala amene akuti "tinyamuka manje manje" pomwe mu minibasi muli anthu atatu okha.

Pofika cha m'ma 23 hours, tulo tinali titamuthawa. Anakhala tsonga, dzanja lili pakamwa, ndipo kwa nthawi yaitali sanakambe kanthu. Gemu imene inamukhazika chete choncho ndi Doki Doki Literature Club!, yomwe ambiri mwaonapo zithunzi zake pa TikTok kapena pa YouTube. Anzanga akaziona amandifunsa kuti, popeza ati imayamba mozizira, kodi ndi yoyenera kuitayira nthawi ndi bando? Yankho langa ndi inde, koma si aliyense ayenera kuitsegula. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake.

Mvula ikagwa ku chigwa, nthawi imachuluka

Ndinapita ku Mfuwe mu January kukachezera abale. Amene simunafikeko, Mfuwe ili m'boma la Mambwe, m'dziko la Akunda, pafupifupi makilomita 130 kuchokera ku Chipata. Ndiye khomo lolowera mu South Luangwa National Park, paki ya masikweya kilomita 9,050. Anthu ambiri kumeneko amadya za alendo obwera kudzaona nyama: ena ndi magaidi, ena ophika, ena ochapa, ena ogulitsa zosemasema m'mbali mwa msewu ku Cropping.

Koma ntchito imeneyi ili ndi nyengo yake. Mvula ikayamba cha mu November, misewu ya m'paki imasanduka matope, ndipo makampu ang'onoang'ono a m'tchire amatseka mpaka cha mu May kapena June. Maloji ena akuluakulu amakhala otsegula chaka chonse, koma anyamata ambiri amabwerera kunyumba kukadikira. Msuweni wanga ndi mmodzi wa iwo. Ntchito yake ndi kugwira nyali pa galimoto ya alendo usiku, kuunika m'mitengo ndi m'maudzu kufunafuna maso a nyama. Mu January alibe nyali, alibe alendo, ali ndi munda wa chimanga ndi foni.

Usiku nawonso sumangoyendayenda. Njovu zimalowa m'midzi kufuna mango ndi mbewu za m'minda, ndiye kukada munthu wanzeru amakhala m'nyumba. Ngati pali malo oyesera gemu yofuna kudekha, ndi amenewo. Ndinanyamula laputopu yanga yakale ya ku koleji, gemu ili kale m'kati, ndipo tinaiyamba itangokwana 20 hours.

Kodi visual novel n'chiyani?

Ngati munazolowera magemu othyola nawo zala, iyi idzakudabwitsani. Visual novel ndi nkhani yowerenga pa sikirini. Pamakhala chithunzi cha malo, chithunzi cha munthu amene akulankhula, kanyimbo kumbuyo, ndi mawu olembedwa m'kabokosi pansi. Ntchito yanu ndi kudina, kuwerenga, kudinanso. Nthawi ndi nthawi gemu imakufunsani kuti musankhe: upite ndi uyu kapena ndi uyo, unene izi kapena izo. Ganizani za Mpali kapena mafilimu a pa Zee World aja osatha, koma inu ndinu mnyamata wa m'nkhaniyo ndipo mumapatsidwa mpata woyankha.

Magemu otere anakulira ku Japan, ndipo ambiri otchuka amadziwika ndi kuyamba mwaulesi. Higurashi, imene inayamba kutuluka mu 2002, imakusungani maola ambiri mukuseka ndi ana a sukulu m'mudzi wa Hinamizawa zinthu zisanaipe. Clannad ya mu 2004 ndi Steins;Gate ya mu 2009 nazonso zimafuna maola makumimakumi. Pa foni, amene mumasewera Episode kapena Choices mwalawako kale mtundu womwewu.

Doki Doki imaoneka ngati ya ku Japan, koma inapangidwa ku America ndi kagulu kotchedwa Team Salvato, kotsogoleredwa ndi Dan Salvato. Inatuluka pa 22 September 2017, yaulere, ya pa kompyuta. Mawu akuti "doki doki" ndi Chijapanizi, amatsanzira kugunda kwa mtima. Mtima umagunda ukaona amene umamukonda, komanso umagunda ukamva chinthu chikupuma kuseri kwa chitseko usiku. Dzinalo likukwana zonse ziwiri. Miyezi itatu chabe itatuluka, anthu anali ataidawuniloda kuposa ka 1 miliyoni, popanda zikwangwani za malonda, kungouzana pakamwa ndi pa intaneti.

Maola oyamba: phala lopanda shuga

Sindikunamizani, chiyambi chake n'chozizira. Inu ndinu mnyamata wa ku sekondale wopanda chochita. Mnzanu wa paubwana, Sayori, mtsikana wa nthabwala amene amadzuka mochedwa tsiku lililonse, akukukokerani ku kalabu ya zolembalemba ya pa sukulu. Kumeneko mukupeza atsikana ena atatu. Natsuki ndi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, amakonda kuphika makeke ndi kuwerenga manga. Yuri ndi wamanyazi, amakonda tiyi ndi mabuku onenepa. Monika ndi pulezidenti wa kalabu, wokongola, wanzeru, mtundu wa mahedi gelo aja omwe aphunzitsi onse ankawakonda.

Tsiku lililonse mumapita ku kalabu, mumacheza, mumawerengerana ndakatulo, mumabwerera kunyumba. Usiku mumalemba ndakatulo yanu posankha mawu 20 pa mndandanda. Pansi pa tsamba pamakhala tizithunzi ta atsikana, ndipo mukasankha liwu limene mmodzi amalikonda, kachithunzi kake kamadumpha. Amene wadumpha kwambiri ndiye mudzakhale naye pafupi mawa lake. Basi. Kwa maola awiri kapena kuposerapo, malinga ndi liwiro lanu powerenga Chingerezi, nkhani yaikulu ndi yoti ndani apanga chiyani pa chikondwerero cha sukulu.

Apa m'pamene ambiri amaitseka. Msuweni wanga anapita kukatunga madzi akumwa kawiri, anayankha mameseji pa WhatsApp, anandifunsa ngati ku Lusaka tasowa zochita. Ine ndemwe, nthawi yoyamba imene ndinaisewera ndili ku koleji, ndinaisiya sabata yathunthu ndisanabwerereko.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Chimene chinasintha usiku umenewo ndi ntchito ya msuweni wangayo. Munthu amene amakhala maola anayi pa galimoto akuunika mumdima amaphunzira kuona zimene ena sakuona. Anandiuza kuti alendo ambiri amafuna nyalugwe m'mphindi khumi zoyamba, akapanda kumuona amayamba kuyasamula. Koma gaidi wodziwa amamvera anyani ndi agwape. Zikayamba kulira mwachilendo, amadziwa kuti chilipo chikubwera, ngakhale tchire likuoneka la zii.

Pa ndakatulo yachiwiri anasiya foni n'kuyandikira.

"Taimani. Uyu Sayori adumpha pa mawu yosangalala, koma adumphanso pa mawu ya misozi. Waona?"

Ndinangoti zii. Patapita kanthawi anafunsanso kuti n'chifukwa chiyani atsikana ndi anayi koma tizithunzi todumpha ndi titatu. Apanso sindinamuyankhe, ndipo inunso sindikuyankhani.

Kuzizira kwa chiyambi kuli ndi ntchito yake. Wopanga gemuyi akufuna kuti muzolowere anthu ake, mudziwe kaseko ka aliyense, musankhe wanu, muiwale chenjezo lomwe munawerenga poyamba paja. Pajatu gemu isanayambe imalemba poyera kuti si ya ana ndiponso si ya anthu osachedwa kusokonezeka maganizo. Ambiri amadina n'kupitirira, akuganiza kuti ndi nthabwala, chifukwa kumbuyo kwa chenjezolo kuli mitundu ya pinki ndi kanyimbo ka piyano. Zikanayamba ndi zoopsa pa mphindi yoyamba, mukanangoti ndi filimu ya mizukwa ngati ena onse. Zimapweteka chifukwa mwakhala nawo maola awiri mukudya nawo makeke.

Apa pali spoiler, koma ndi yofunika

Nthawi zambiri sindiulula nkhani ya filimu kapena gemu pa tsamba lino. Lero ndiulula chinthu chimodzi, chifukwa kuchibisa kungavulaze wina. Ngati simufuna kudziwa, lumphani ndime zitatu.

Chikondwerero chitayandikira, Sayori, mtsikana woseketsa uja, akuuza mnzakeyo kuti wakhala akudwala matenda a maganizo, amene madokotala amati depression, kwa moyo wake wonse. Kudzuka mochedwa kuja sikunali ulesi. M'mawa uliwonse amasowa chifukwa chodzukira. Kuseketsa anthu kuja inali njira yoti wina asamudere nkhawa, chifukwa iye amadziona ngati mtolo kwa anzake. Mmene zalembedwera, palibe kukokomeza. Ndi mawu amene mwina munawamvapo kwa mnzanu weniweni, kapena munawaganizapo nokha.

Kenako gemu imakupatsani mwayi wosankha chomuyankha: kumuuza kuti mumamukonda, kapena kuti adzakhala mnzanu wapamtima mpaka kalekale. Chilichonse chimene mungasankhe, tsiku la chikondwerero Sayori amapezeka atadzipha, ndipo gemu imakuonetsani chithunzi chake osabisa.

Pamenepo m'pamene msuweni wanga anaika dzanja pakamwa. Anandilanda mbewa ya laputopu kuti abwerere pamene tinasungira gemu, asankhe yankho lina. Anapeza zonse tinasunga zafufutika.

Gemu ikayamba kukuseweretsani inuyo

Kuchokera apa, Doki Doki imasanduka chinthu china. Nkhani imayambiranso pachiyambi, koma ngati kuti munthu mmodzi sanabadwepo n'komwe. Zithunzi zimayamba kuthyokathyoka, nyimbo imapotoka ngati kaseti yodyedwa ndi wailesi, mawu amasintha pamaso panu. Atsikana otsalawo amayamba kuchita zinthu zimene sizikugwirizana ndi mmene munawadziwira. Pamatuluka nkhani za kudzivulaza, za nkhanza za kholo kunyumba, za chikondi chosanduka msampha. Nthawi zina mumafuna kusankha yankho lina, koma kamuvi ka mbewa kamakokeredwa kwina.

Amalume, amene anadzuka kuti aone chifukwa chake tinali tisanagone, anaima pakhomo n'kufunsa ngati makinawo agwidwa vairasi. Ndinawayankha kuti, "Iyayi amalume, ndi mmene anaipangira, musade nkhawa." Anapukusa mutu n'kubwerera kukagona, ati ana a masiku ano mumagula mantha ndi ndalama zanu.

Chimene chinatchukitsa gemuyi n'chakuti sithera pa sikirini. Mu foda imene mwaisungira pa kompyuta muli kafoda kena kolembedwa characters, ndipo m'menemo muli mafayilo anayi, fayilo imodzi mtsikana mmodzi. Muzikatsegula nthawi ndi nthawi pamene nkhani ikupita, muziwerenga kuti atsala angati. Pofika kumapeto mudzafunika kuchitapo kanthu m'kafodako ndi manja anu. Zoposa apa sindinena. Ndingoti pali wina m'gemumo amene akudziwa kuti ali mu gemu, ndipo akudziwanso kuti kuseri kwa sikirini kuli inu.

Tinamaliza usiku wotsatira, malaiti atapita, batire itatsala pang'ono kufa. Yonse inatitengera maola pafupifupi asanu.

"Asisi, nane nifuna kusewera"

Vuto lenileni linabwera m'mawa. Mlongo wake wa msuweni wangayo, wa zaka 14, anaona chithunzi cha atsikana aja pa laputopu n'kuyamba kundikakamira. "Asisi, nane nifuna kusewera, ni ma cartoon chabe." Mayi ake anavomereza ali kubafa, chifukwa kwa iwo chilichonse chojambulidwa ndi cha ana, ngati Tom and Jerry.

Apa m'pamene mwambi uja umakwanira: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kholo lililonse loona sikirini imeneyo lingaganize kuti mwana akuphunzira Chingerezi ndi ndakatulo. Gemu yaulere ija imafunsa wosewera kuvomereza kuti wakwanitsa zaka 13, ndipo mtsikanayo anagwira pomwepo, ati iye wapitirira. Koma kope logulitsa, Doki Doki Literature Club Plus!, limene linatuluka pa 30 June 2021, bungwe loika misinkhu pa magemu ku America, ESRB, linalipatsa chilembo M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Ine ndili mbali ya 17.

Nkhawa imeneyi si ya ku Mfuwe kokha. Mu 2018, m'dera la Manchester ku England, masukulu ndi makolo anachenjezedwa za gemuyi pambuyo pa imfa ya mnyamata wa zaka 15 amene ankaisewera. Kuti mwana ankasewera gemu si umboni woti gemuyo ndiyo inamupha, ndipo nkhani za kudzipha sizikhala ndi chifukwa chimodzi. Komabe mwana amene ali kale ndi chisoni mumtima, ali yekha ndi mahedifoni usiku, safunika kuona chithunzi chija.

Ndinamukaniza. Anakwiya tsiku lonse, anakana kundiperekeza kumsika, ndipo madzulo anandipatsa nsima yozizira. Ndinadya, sindinasinthe maganizo. Makolo, musamangoyang'ana chithunzi cha pamwamba. Funsani dzina la gemu, lilembeni pa Google, muwerenge msinkhu wake. Safunsa anadya phula.

Zimene sizinandikomere

Gemuyi si yangwiro, ndipo amene amaitama ngati Baibulo amawonjeza. Choyamba, gawo loyamba limakamba za matenda a maganizo mwaulemu ndi mwachifundo, koma gawo lachiwiri limatenga mavuto omwewo n'kuwasandutsa zida zoopsezera. Kudzivulaza kwa mtsikana mmodzi kumaonetsedwa m'njira yofuna kukunyansani kuposa kukuphunzitsani. Munthu amene anadutsamo m'zimenezi akhoza kumva ngati akumuseweretsa.

Chachiwiri, ngati mukufuna chikondi chenicheni, cha kufunsirana, kukanana, kugwirizana, mpaka kitchen party, apa mwalakwa khomo. Chikondi cha mu Doki Doki ndi nyambo. Zosankha zanu zambiri sizisintha kumene nkhani ikupita, ndipo ena zimenezi zimawakwiyitsa. Msuweni wanga anati zili ngati kuvota pomwe wopambana analembedwa kale.

Chachitatu, zonse zili m'Chingerezi ndipo palibe wokuwerengerani. Chingerezi chake si chovuta kwenikweni, koma ndi chambiri, ndipo ndakatulo zina zimafuna kuziwerenga kawiri. Ngati mumatopa ndi meseji yaitali ya pa gulu la banja, apa mudzavutika.

Chomaliza, ngati munaonera kale mavidiyo a anthu akuisewera pa YouTube, theka la mphamvu yake lapita. Gemuyi imaluma kamodzi.

Bando, malaiti ndi ndalama

Uthenga wabwino kwa ife a matumba obooka ndi wakuti gemu yoyambirira ija ndi yaulere pa Steam ndi pa itch.io, ndipo sifika ngakhale theka la gigabyte. Mukaidawuniloda kamodzi, intaneti simuifunanso. Ku Mfuwe netiweki ikasowa chifukwa cha mvula, ife tinkapitiriza osadziwa n'komwe. Inapangidwa ndi pulogalamu yopepuka yotchedwa Ren'Py, ndiye ngakhale laputopu yotopa ija ya asayimenti imaikwanitsa, ndipo sidya batire ngati magemu a mpira. Malaiti akapita, muli ndi maola angapo.

Kope la Plus, lofalitsidwa ndi kampani ya Serenity Forge, linatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 15, ndipo limapezeka pa kompyuta, Nintendo Switch, PlayStation ndi Xbox. Lili ndi tinkhani 6 towonjezera tosimba mmene atsikana aja anakhalira mabwenzi, topanda zoopsa, komanso mukhoza kutchera kuti lizikuchenjezani chithunzi chowawa chisanabwere. Langizo langa: yambani ndi yaulere. Ikakugwirani mtima, ndiye ganizani zogula.

Chenjerani ndi mafayilo a APK amene anyamata amapatsirana pa foni kumsika kapena pa malo ochajira. Simudziwa amene anawakonza ndi zimene anaikamo, ndipo foni yomweyo ndi imene muli ndi mobile money yanu. Tengani gemu pa malo ake enieni.

Chigamulo changa

Isewereni ngati mwakwanitsa zaka 17 kapena 18, mtima wanu uli m'malo, mumakonda kuwerenga, ndipo mungapirire maola awiri a makeke ndi ndakatulo. Musadumphe mawu pofuna kufika msanga pa zoopsa, chifukwa mukatero mudzafika pamenepo mulibe chimene chikukupwetekani. Ngati mungathe, isewereni ndi mnzanu, monga tinachitira ife. Mudzafuna wokamba naye ikatha. Kwa munthu wotere ndikuipatsa 8 pa 10.

Musaitsegule ngati muli pa maliro, ngati chibwenzi changotha ndipo simukugona, ngati munataya wina chifukwa cha kudzipha, kapena ngati inu nomwe maganizo amenewo amakufikirani. Gemu sithawa. Idzakhalapobe chaka chamawa, ndipo ngakhale osaisewera n'komwe simunataye kanthu koposa mtendere wanu.

Ndipo ngati zimene Sayori ananena zikumveka ngati zanu, musakhale nazo nokha. Lifeline/Childline Zambia ili ndi manambala aulere, 116 ya ana ndi 933 ya akuluakulu. Ku Mambwe mukhoza kuyambira pa kiliniki ya Kakumbi kapena ku Kamoto Mission Hospital, ndipo ku Chipata kuli Chipata Central Hospital. Kuno kwathu timakonda kuseka kuti "uyu ni wa ku Chainama" munthu akangochita zachilendo, ndipo nthabwala imeneyo yatseka pakamwa anthu ambiri ofuna thandizo. Dziko lathu lili ndi lamulo la Mental Health Act la 2019, limene limaona wodwala maganizo ngati wodwala wina aliyense, wokhala ndi ufulu wolandira chithandizo. Lamulo linasintha, pakamwa pathu ndiye patsalira.

Njinga ya m'mawa

Tsiku limene ndinkabwerera ku Lusaka, ndinadzuka 05 hours kuti ndikagwire basi. Ndinapeza msuweni wanga akupopa njinga pabwalo. Ndinaganiza kuti akufuna kundinyamulira chikwama, koma anati ali ndi ulendo wake.

Kukampu kwawo kuli mnyamata wina wa m'khitchini, woseketsa gulu lonse, amene amatsanzira mayendedwe a alendo ndi kalankhulidwe ka manijala mpaka anthu kugwa pansi ndi phwete. Chitsekereni kampu mu November, mnyamatayo wakhala akusowa. Foni sayankha. Ku bola sabwera. Amene anamuona anati amangogona masana onse. Anzake onse, msuweni wanga yemwe, ankangoti ndi ulesi wa nthawi ya mvula, kapena wapeza mkazi.

"Mwina ni ulesi zoona," anatero akumanga pampu pa njinga. "Koma niyende chabe nikamuone. Nikakhale naye, olo tisakambe vambiri."

Ndinamukumbutsa kuti msewu wa kumeneko uli ndi matope ndipo njovu zimakonda kudutsa m'mawa. Anati adikira kuti kuyere bwino, ndipo njira akuidziwa. Ndinamulembera manambala awiri aja pa kapepala, anakapinda n'kukaika m'thumba la shati.

Basi itafika pa Chipata ndinalandira meseji yake. Anamupeza, ndipo anali akumwa tiyi pakhonde. Pansi pake analemba kuti ndikadzabweranso ndibweretse gemu ya mpira.